Adokotala akati "izi n'za ku India", alipire ndani?

Munthu wa kwa Jumbe akadwala matenda ofuna opaleshoni, njira yake imadziwika. Amayambira pa kiliniki ya kufupi ndi kwawo, kumeneko n'kumulembera kalata yopita nayo ku Kamoto, chipatala cha mishoni cha mpingo wa Reformed Church in Zambia. Ku Kamoto zikakanika amakwera mtunda kupita ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete. Zikakanikanso, ndiye ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, mpaka ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Ulendo uliwonse banja limataya kanthu: mbuzi, matumba a chimanga, ndalama ya thonje imene inasungidwira sukulu ya ana.

Alipo ena amene ngakhale ku Lusaka njira yawo siithera pomwepo. Dokotala amayang'anitsitsa zithunzi za msana, za mtima kapena za chotupa cha mu ubongo, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, opaleshoni iyi kuno itivuta. Mukanakhala ndi njira mukanapita nawo abambowa ku India kapena ku South Africa." Si matenda ogwetsa munthu lero lomwe. Pali miyezi iwiri, itatu, mwina kuposerapo, yoti banja likonzeke. Ndipo aliyense wolandira malipiro a pamwezi amafunsa chimodzimodzi: "Nanga adokotala, NHIMA ija amatidula mwezi ndi mwezi siingatithandize?"

Yankho lake ndi lowawa, ndipo ndi bwino kulimva munthu akadali wamphamvu kusiyana n'kukalimvera pa benchi la chipatala. Dzina lakuti inshuwalansi timaitanira zinthu zingapo zosiyana kotheratu. Mwa zonsezo ndi imodzi yokha imene ingalipire opaleshoni yokonzekeratu ya kunja kwa dziko, ndipo iyonso imalipira munthu amene anailowa asanadwale.

NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, ndiyo ili m'thumba mwa ambiri. Inabwera ndi lamulo la National Health Insurance Act la 2018, ndipo ndalama zinayamba kudulidwa chakumapeto kwa 2019. Wantchito amapereka 1 peresenti ya malipiro ake, womulemba ntchito n'kuwonjezerapo 1 peresenti inanso. Mphunzitsi, namwino, msilikali wa gemu, woperekera zakudya pa loji ya ku Mfuwe, onsewo ali momwemo, ndipo mlimi kapena mayi wa pa msika angathe kulembetsa n'kumalipira yekha. Khadi la NHIMA lathandiza anthu pa zoyezayeza, mankhwala ndi maopaleshoni ochitikira m'zipatala zovomerezeka za muno. Koma pa mndandanda wa zinthu zimene NHIMA siilipira, chithandizo cha kunja kwa dziko chinalembedwapo poyera. Khadilo mphamvu yake imathera pa malire a Zambia.

Ena akamva zimenezi amati atibera. Ine sindikuona choncho, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze munthu wolandira K5,000 pamwezi. Iye amadulidwa K50, abwana n'kuikapo K50, pamodzi K100, pachaka K1,200. Tiyerekezenso opaleshoni ya madola 10,000, dola imodzi ili pa K25. Imeneyo ndi K250,000, ndalama yosonkha antchito otere oposa 200 kwa chaka chathunthu, yothera pa munthu mmodzi, tikiti ya ndeke tisanaiwerengere. Thumba losonkha pang'ono chonchi litayamba kutumiza anthu ku Delhi ndi ku Johannesburg, silingakhale ndi yogulira mankhwala a shuga ndi a BP a anthu zikwizikwi. Chimene chimandipweteka n'chakuti anthu sauzidwa zimenezi pa tsiku lolembetsa. Amadzazimva tsiku limene mtima uli kale m'malere.

Khomo lachiwiri ndi la boma, ngakhale kuti silo inshuwalansi. Unduna wa Zaumoyo uli ndi komiti ya madokotala imene imaunika mafayilo a odwala ofunika kutumizidwa kunja pa ndalama za boma. Pempho siliyambira kwa wodwala kapena kwa phungu wa dera lake. Liyenera kuchokera kwa dokotala katswiri wa pa chipatala chachikulu, amene amalemba kuti chithandizocho muno sichipezeka ndiponso kuti wodwalayo akapita angapindule. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi ozifuna, choncho mzere umatalika. Kwa munthu wa ku chigwa cha Luangwa vuto limawirikiza, chifukwa fayilo imafuna woilondola, ndipo woilondolayo ayenera kukhala ku Lusaka, kumene tsiku lililonse limadya ndalama. Komabe banja lisachite manyazi kufunsa dokotala kuti, "Kodi fayilo yathuyi ingapite ku komiti?" Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Palinso pepala lina limene limasokoneza anthu kwambiri, makamaka ife amene timaona ndeke zikutera ndi kunyamuka pa Mfuwe. Alendo odzaona nyama mu South Luangwa amabwera ndi inshuwalansi ya paulendo. Mlendo akathyoka mwendo kapena mtima ukamugwira ali m'tchire, foni imodzi yokha, ndeke yafika, mawa lake ali pa bedi ku Lusaka kapena ku Johannesburg. Amene waona zimenezi ndi maso ake amaganiza kuti naye akagula kapepala komweko pogula tikiti, chipatala cha ku India chilipiridwa. Ayi ndithu. Inshuwalansi ya paulendo ndi ya tsoka logwa mwadzidzidzi pa munthu amene ananyamuka kwawo ali bwino. Pafupifupi mgwirizano uliwonse wa mtundu umenewu uli ndi mzere wonena kuti siulipira munthu amene cholinga cha ulendo wake ndi kukalandira chithandizo, kapena woyenda dokotala atamuletsa. Ngakhale ija imene maiko a Schengen ku Ulaya amafuna popereka viza, ya mayuro osachepera 30,000, ndi ya zadzidzidzi basi. Choopsa china n'chakuti wopita ku opaleshoni akagula inshuwalansi wamba ya paulendo osaulula chimene akupitira, kampani ingathe kukana ngakhale zina zimene ikanalipira, ponena kuti anabisa zoona.

Yatsala ija yokhayo imene ingalipiredi, inshuwalansi ya zaumoyo yogula kwa makampani, amene muno amayang'aniridwa ndi bungwe la Pensions and Insurance Authority. Ambiri amene ali nayo sanaigule okha. Anaipeza kuntchito, ku banki, ku migodi, ku mabungwe akuluakulu, kapena pa maudindo apamwamba m'maloji. Imabwera m'magawo. Gawo lotsika mtengo limalipira zipatala za muno zokha, lapamwamba limafika ku South Africa ndi ku India, lapamwamba kwambiri limafika kulikonse. Kwa anansi athu ku Malawi zilinso chimodzimodzi ndi bungwe la inshuwalansi ya zaumoyo la MASM, kumene chithandizo cha kunja chimapezeka pa magawo okwera mtengo. Choncho kungonena kuti "ndili pa medical ya kuntchito" sikunayankhe kanthu. Funso n'lakuti muli pa gawo liti.

Ngakhale pa gawo loyenera, pali zipata zingapo zoti munthu adutse, ndipo chopapatiza kuposa zonse ndi cha matenda amene anali nawo kale. Pa mapepala amalemba kuti pre-existing condition. Inshuwalansi imayenda chifukwa anthu ambiri athanzi amasonkha, odwala ochepa n'kuthandizidwa, ndipo palibe amene akudziwa kuti mawa adwala ndani. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndipo malonda onsewa anamangidwa pa mfundo imeneyo. Koma munthu amene dokotala wamuuza kale kuti fupa la m'chiuno mwake latha, kwa iye ng'oma yalira kale. Akapita kukagula inshuwalansi sabata yotsatira, kampani imulandira mwina, koma fupalo alichotsa pa mgwirizano, kapena amuuza adikire nthawi yaitali isanayambe kulipiridwa. Ena amayesa kubisa polemba fomu, sanena za shuga, za BP kapena za msana umene wawavuta zaka zisanu. Tsiku lopempha ndalama kampani imaitanitsa fayilo ya kuchipatala, ndipo zonse zimaonekera. Mgwirizano umafa pomwepo, ndalama zimene munthu anasonkha zimapita, opaleshoni osachitika. Apa inshuwalansi ya kuntchito imaposa yogula wekha, chifukwa kampani ikamalandira gulu lalikulu la antchito nthawi zina imafewetsa lamulo limeneli. Koma nayo ili ndi malire ake: ntchito ikatha, iyonso imatha, ndipo matenda aakulu ndi amene amachotsa anthu pa ntchito.

Chipata china ndi chilolezo. Munthu sangangonyamuka, kukachitidwa opaleshoni, n'kubwera ndi malisiti kuti mundibwezere. Kampani imafuna kalata ya dokotala katswiri wa muno, kawirikawiri yonena kuti chithandizocho muno kulibe, imafuna mtengo wochokera ku chipatala cha kunjako, ndipo nthawi zambiri imasankha yokha zipatala zimene imagwira nazo ntchito. Ikavomera imalembera chipatalacho kalata yolonjeza kulipira. Kalata imeneyo ndiyo iyenera kukhala m'manja tikiti isanagulidwe. Mawu a pa foni akuti "pitani, tidzaona" sakalandiridwa pa windo la chipatala ku Chennai.

Kenaka pali denga la ndalama. Mgwirizano uliwonse umanena kuti pachaka sitipyola pakuti. Muyang'ane ngati dengalo linalembedwa m'makwacha kapena m'madola, chifukwa chipatala cha kunja sichiwerenga makwacha. Mu 2017 dola imodzi inali pafupifupi K10, mu 2024 inali itadutsa K25. Denga la makwacha limene linkaoneka lalitali polembetsa lingathe kupezeka litafupika ndi theka pa tsiku lolifuna.

Mtengo umene chipatala cha kunja chimatumiza umakhala wa opaleshoni yoyenda bwino, masiku owerengeka a ku ICU, masiku owerengeka a mu wodi, n'kutuluka. Thupi la munthu silitsata pepala nthawi zonse. Bala likalowa tizilombo, magazi akatayika, impso zikafooka, masiku amawonjezeka, ndipo tsiku limodzi la ku ICU limadya zimene banja linasonkha mwezi wathunthu. Mabanja amene amapita ndi ndalama yokwanira ndendende mtengo wa pa pepala ndi amene timadzamva akuimba foni usiku kupempha thandizo. Amene ali ndi inshuwalansi afunsiretu ngati zovuta zotuluka pambuyo pa opaleshoni zili mkati mwa denga lomwelo, ndiponso chimene chimachitika dengalo likafikidwa wodwala akadali pa bedi.

Nanga womudwazika? Kwathu kuno wodwala sagona yekha m'chipatala, ndipo kunja amafunikanso kwambiri munthu womugwira dzanja. India imapereka viza ya zachipatala kwa wodwala amene ali ndi kalata ya chipatala, ndiponso viza ya omuperekeza mpaka awiri. Ku South Africa mzika ya Zambia imalowa popanda viza pa ulendo waufupi. Koma viza si tikiti. Ulendo wa womudwazikayo, kuchoka kwa Jumbe kupita ku Lusaka, kuchoka ku Lusaka kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Dubai, chipinda chogona masabata angapo, chakudya, zoyendera, zonsezi migwirizano ina imalipirako pang'ono, ina siilipira n'komwe. Wodwala akatuluka m'chipatala sakwera ndeke tsiku lomwelo. Amadikira kuti dokotala amulembere kalata yoti angathe kuuluka, chifukwa kukhala pampando maola ambiri opaleshoni itangochitika kungaundanitse magazi m'miyendo. Tikiti yotchipa yosalola kusintha tsiku imadzasanduka yodula kwambiri pa chifukwa chimenechi.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuitchula munthu akamapita kuchipatala, koma iyenera kukambidwa. Si onse amabwerera ali moyo. Dziko lonse likukumbuka kuti Pulezidenti Levy Mwanawasa anamwalira m'chipatala cha Percy kufupi ndi Paris pa 19 August 2008, ndipo Pulezidenti Michael Sata anamwalira m'chipatala cha King Edward VII ku London pa 28 October 2014. Anali m'manja mwa madokotala odziwa ntchito, m'zipatala zosasowa kanthu, koma imfa inawapeza. Matupi awo boma linawabweretsa. Banja wamba limayenera kulipira lokha kukonza thupi, bokosi lovomerezeka pa ndeke, mapepala a ku ofesi ya kazembe ndi mtengo wonyamulira, kenaka galimoto yochoka ku Lusaka mpaka kumanda a makolo. Inshuwalansi ya maliro imene ambiri ali nayo kawirikawiri imapereka ndalama yoikika, yowerengera maliro a muno. Ndi bwino kufunsa pasadakhale, kwa kampani ya zaumoyo ndi kwa ya maliro yomwe, kuti zikachitikira kunja adzachitapo chiyani.

Impso zili ndi nkhani yakeyake. Lamulo la India la 1994 loona za kupatsana ziwalo limaletsa kugula impso, ndipo mlendo ayenera kubwera ndi womupatsa wake, kawirikawiri wachibale, ndi mapepala otsimikiza ubalewo, komiti ya kumeneko n'kuvomereza. Ndiye kuti odwala amakhala awiri, matikiti awiri, mabala awiri, ndipo si mgwirizano uliwonse umene umalipira za wopereka impsoyo. Wolandirayo adzamwa mankhwala oletsa thupi kukana impso yatsopano moyo wake wonse. Banja limene lawerengera opaleshoni yokha lawerengera chiyambi chabe.

Pakati pa wodwala ndi zipatala za kunja pamaima anthu ena odzitcha othandiza, amene amalonjeza kukonza zonse, kalata, viza, galimoto ya pa bwalo la ndeke. Ena amagwira ntchito yooneka, koma mudziwe kuti ambiri amalandira gawo lawo ku chipatala chimene akutumizaniko, choncho chimene akuchiyamikira sindicho nthawi zonse chokuyenerani. Dokotala wanu wa muno aone kalata ndi mtengo umene wabwera, anene ngati opaleshoni yolembedwayo ndi imene iye anatanthauza. Ndalama ipite ku akaunti ya chipatala, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Kunena zoona, kwa anthu ambiri a m'dera la Mfumu Jumbe, Mnkhanya, Msoro, Kakumbi, Malama ndi Nsefu, zonse ndafotokozazi zili kutali. Inshuwalansi yofika ku India mtengo wake sungakwanike ndi mlimi wa thonje, ngakhale mphunzitsi. Chimene chimanyamula munthu ndi abale: mbale ya ku mpingo, chilimba cha amayi, gulu la WhatsApp la ana a pamudzi amene ali ku Lusaka, ku Copperbelt ndi ku Joni, ng'ombe kwa amene ali nazo. Thumba limeneli silifunsa ngati munadwala kale, silikuuzani kudikira chaka. Ndimalilemekeza kwambiri. Koma limatha msanga, ndipo likatha limasiya ana osapita kusukulu ndi nkhokwe zopanda kanthu. Ndaona mabanja akugulitsa zonse kuti apeze ya ulendo, osasiyako ngakhale ya mankhwala a pobwerera.

N'chifukwa chake funso loyamba lisakhale la ndalama. Likhale ili: "Adokotala, kodi opaleshoniyi muno n'njosatheka, kapena n'njotheka koma mzere ndi wautali?" Ziwirizi n'zosiyana, ndipo komiti ya boma ndi makampani omwe amayang'ana pomwepo. Zimene zinali zosatheka zaka 20 zapitazo zina tsopano zikuchitika. Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa ku Lusaka mu 2007. Beit CURE, imene inayamba mu 2006, imachita maopaleshoni a ana opunduka mafupa popanda kulipiritsa. Mu 2018 madokotala a ku UTH analekanitsa mapasa obadwa ogwirana ochokera ku Kawambwa, ndipo chaka chomwecho anaika impso mwa munthu koyamba m'dziko muno. Tsopano kuli National Heart Hospital, kumene ena amene kale akanatumizidwa kunja akuchitidwa opaleshoni ya mtima. Madokotala a mafupa a FlySpec akhala zaka zambiri akuuluka kupita ku zipatala za kumidzi. Sindikunena kuti zonse zili bwino. Makina amawonongeka, akatswiri ndi ochepa, ndipo alipo odwala amene kudikira kungawaphe, amene kupita kunja n'koyeneradi. Koma opaleshoni iliyonse imene yayamba kuchitikira muno imalowa m'dera limene khadi la NHIMA lingagwire ntchito, ndipo kwa munthu wa ku chigwa imeneyo ndiyo njira yokhayo imene inshuwalansi ingamufikire. Tikamapempha aphungu athu, tipemphe zimenezo: akatswiri ku Chipata, makina okonzedwa, magazi m'mabanki a magazi.

Amene wapita n'kubwerako, ulendo wake sunathe. Amatsika pa Kenneth Kaunda International Airport ndi bala losapola bwino, envulopu ya mapepala ndi mankhwala a mwezi umodzi kapena iwiri. Asanachoke kunjako apemphe lipoti lonse la opaleshoni, zithunzi zake, ndi maina enieni a mankhwala, osati maina a malonda a ku India okha, kuti wa pa famase ku Chipata adziwe chofanana nacho. Dokotala wa muno amene adzamuone akhale atadziwika asananyamuke. Tsiku la opaleshoni ngati n'kotheka kusankha, aganizire nyengo, chifukwa kutentha kwa October m'chigwa kumavutitsa bala, ndipo mvula ikagwa mtsinje wa Lupande n'kudzaza, midzi ina imadukana ndi chipatala kwa masiku. Khadi la NHIMA lija, limene silinathandize pa ulendo, apa limayambanso kugwira ntchito, pa kuyeza magazi, pa kujambula, pa kuonana ndi katswiri. Amene amalipira yekha asalisiye kufa pa miyezi imene ali kunja. Wachibale mmodzi wotsala kumudzi apatsidwe ntchito yomalipira mwezi ndi mwezi mpaka wodwalayo atabwera.